Timapepala ta Aphunzitsi a Chung

Sindinamvetse, ndipo mpaka lero sindimvetsa, kuti munthu angakonde bwanji chilankhulo kwa zaka makumi atatu koma osafuna kuchimva ndi makutu ake. A Chung Fa-kuei anali otero. Ndinagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi zinayi ku Pingtung, pa sukulu ya Mayi Tu imene inali pamwamba pa sitolo ya njinga zamoto. Ana ankabwera akaweruka ku sukulu za boma kuti tiwakonzekeretse mayeso. Ine ndinkaphunzitsa kuwerenga ndi kulemba chimangirizo. A Chung ankaphunzitsa mawu a Chingerezi: tanthauzo lake m'Chitchaina, ndi pamene liwu lililonse limayenera.

Sindinena kuti anali mphunzitsi woposa onse. Ndingonena zimene ndinaona. Anali ndi mabokosi a nsapato khumi ndi limodzi odzaza ndi timapepala. Kapepala kalikonse kanali ndi liwu limodzi, pansi pake matanthauzo, kuseri kwake ziganizo zimene anakopera m'mabuku, pa mabotolo a mankhwala, ngakhale pa makatoni a nthochi opita kunja. Mwana akafunsa kuti kuyang'ana amati chiyani m'Chingerezi, a Chung ankasolola timapepala tisanu ndi tiwiri n'kutiyala patebulo. Ili ndi la kuyang'ana mwakuba. Ili ndi la kuyang'anitsitsa mwamwano. Ili ndi la kuyang'ana kutali uli ndi chisoni. Ophunzira awo ankakhoza, ndipo chaka ndi chaka mayina awo ankalembedwa pa pepala lofiira pakhomo la sukulu.

Kwawo kunali ku Meinong, kwa Ahakka, mtundu wina wa Atchaina, ndipo mwambo wakwawo sanausiye. Pepala lolembedwa saliponda, salikhalira, sakulungira nsomba. Likatha ntchito amakaliwotcha mwaulemu m'kang'anjo ka njerwa komangidwira zimenezo basi. Mwezi uliwonse a Chung ankatolera mapepala m'madengu a zinyalala a m'makalasi athu n'kukwera nawo basi kukawawotcha kwawo. Ife a tchalitchi sitichita zimenezo. Tsiku lina ndinawauza kuti makolo awo akale ankanena za zilembo za Chitchaina zokha.

"Aphunzitsi a Pan," anatero, "nanga za Chingerezizi zinalembedwa ndi nkhuku?"

Chaka cha 1990 Mayi Tu anatiitana tonse mu ofesi yawo. Sukulu ya tsidya la msewu inali itapeza mzungu.

"Wawoyo ndi wa ndevu, ntchito n'kuimba nyimbo basi," anatero, "koma makolo akusamutsa ana tsiku ndi tsiku. Ndiye nane ndapeza wanga. Dzina lake Darren, wa ku Canada. Loweruka lachitatu kuchokera lero makolo abwera kudzaonerera. Aphunzitsi a Chung, mudzaima naye kutsogolo, muchezeko pang'ono m'Chingerezi, anthu aone kuti aphunzitsi anga si a masewera. Chipinda chachikulu n'chimodzi, mukudziwa. Woimamo adzasankhidwa ndi makolo."

A Chung anawerama n'kuvomera. Masana amenewo ndinawapeza padenga, pamene tinkadyera. Kachitini kawo ka mpunga ndi nyama ya nkhumba kanali kotseka.

"Inu munaphunzira ku mishoni," anatero osandiyang'ana. "Azungu munkalankhula nawo?"

"Tsiku lililonse. Ankatikalipira m'Chingerezi chabwino kwambiri."

"Ine sindinalankhulepo ndi mmodzi yemwe. Ndikamuona akubwera ndimawoloka msewu."

Ndinaganiza kuti akuseka. Koma sizinali nthabwala.

Tinayamba kuyeserera tsiku lomwelo. Masana aliwonse padengapo ine ndinkakhala mzungu. Ndinkawapatsa moni wamba, uja amaphunzira mwana wa sitandade wani, iwo n'kuuma. Milomo inkagwedezeka koma mawu osatuluka.

"Yankho mukulidziwa," ndinatero tsiku lachinayi, kuleza mtima kutayamba kundithera.

"Ndikudziwa mayankho asanu ndi atatu. Onse amathamangira pakhomo nthawi imodzi n'kupanikizana. Lina ndi la kwa bwana, lina ndi la kwa mnzako, lina linatha ntchito kalekale. Ndikamasankha, munthu uja wapita."

"Tengani lililonse."

"Lililonse? Inu, aphunzitsi, mukunena zimenezo?"

Darren anafika sabata yachiwiri. Anali wamtali, wosangalala, wopanda choipa mumtima. Ankavala kabudula, ndipo Chitchaina chake chinali cha kugulira mowa ndi kuthokoza. Akakumana ndi a Chung pa masitepe ankawamenya pamsana mwachikondi n'kuwathira mawu ambirimbiri. A Chung ankamwetulira, kugwedeza mutu, n'kulowa m'chimbudzi. Anayamba kubwera kusanache bwino ndi kudikira kuti Darren atsike asanatsike iwo. Kolala ya malaya awo inayamba kuwakulira. M'kalasi, munthu amene sankaphonya anayamba kusolola kapepala kolakwika, ana n'kumayang'anana.

Ndinaona kuti kucheza kwenikweni sikutheka m'masiku otsalawo. Ndinawalembera ziganizo zitatu: moni, funso la nyengo ya ku Canada, ndi mawu othokoza. Ndinapempha Darren kuti asafunse kanthu kena. Anavomera mosavuta.

Lachinayi la sabata yomaliza Darren anabwera kwa ine ali ndi pempho. Anali ataona mabokosi aja ndipo anawakonda. Ankafuna kubwereka limodzi, la mawu osavuta, kuti achitire masewera ake a pansi. Masewerawo ndinkawadziwa, chifukwa ndinali nditawaonera pakhomo akuchita ndi zithunzi za zipatso, atazimwaza pansi, ana n'kumazidumphira. A Chung anali pomwepo akundiyang'ana pakamwa.

"Akuti chiyani?"

"Akupempha bokosi limodzi, aphunzitsire Loweruka."

Za pansizo sindinamasulire. Ndinaopa kuti akana, Mayi Tu n'kukwiya, zinthu n'kuipa tsiku lisanafike. Ndinadziuza kuti ndikambirana ndi Darren padera. Lachisanu ndinatanganidwa ndi kuchonga, ndipo sindinatero.

A Chung anasangalala. Aka kanali koyamba kuwaona akusangalala mwezi umenewo. Anasankha okha bokosi lakale kwambiri, la timapepala tachikasu timene analemba ali mnyamata, nalipereka ndi manja awiri.

Loweruka masana kunatentha. Makolo pafupifupi makumi anayi anakhala pa timipando kumbuyo, akudzikupiza ndi timapepala ta malonda a sukulu. Mayi Tu anavala diresi yawo ya ku ukwati. Ine ndinaima pakhomo.

A Chung anapereka moni. Mawu anatuluka aang'ono koma anatuluka. Anafunsa za nyengo, Darren anayankha nthawi yaitali akudzikumbatira ngati wozizidwa, makolo anaseka, a Chung anathokoza. Zitatu zonse zinatheka. Anapukuta thukuta n'kundiyang'ana, ine ndinagwedeza mutu.

Pamenepo Darren anauza ana kuti akankhire madesiki kukhoma. Anatenga bokosi lija, nalitembenuza. Timapepala tinamwazika pasimenti ponse. Anafuula liwu lotanthauza galu m'Chingerezi, ana khumi ndi awiri n'kuthamanga kukalifuna, woyamba kulipeza n'kulidumphira ndi mapazi onse awiri. Anafuula lina. Nsapato zinagunda. Makolo anaomba m'manja, ena mpaka kuimirira.

A Chung anaima ngati mtengo. Ndinaona milomo yawo ikugwedezeka monga inkachitira padenga. Mawu oletsera munthu ankawadziwa ambiri, ndinawaonapo akuwayala patebulo. Palibe limene linatuluka. Kenako anagwada pakati pa miyendo ya ana n'kuyamba kutola. Ankapukuta kapepala kalikonse pa malaya asanakaike m'thumba la pachifuwa. Mtsikana wina anawaponda dzanja mosadziwa, nakuwa. Masewera anaima.

Darren anawerama n'kuwafunsa mofatsa ngati ali bwino, ngati walakwa kanthu. Anafunsa kawiri. A Chung anamuyang'ana kuchokera pansipo, pakamwa pali yasa.

"Akukufunsanitu, aphunzitsi," anatero bambo wina wonenepa wa kumbuyo. "Muyankheni."

"Si awa tinkamva kuti anameza dikishonale yonse?" anatero mayi wina. "Kapena yawatsamwa?"

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Bambo mmodzi woyendetsa basi, amene ndikuganiza kuti anali wa cha kwawo komweko, anadzuka nagwada kuwathandiza kutola. Ine ndikanatha kulowa n'kufotokozera Darren m'ziganizo ziwiri. Ndinalowa mochedwa, makolo atayamba kale kunong'onezana za aphunzitsi amene samva Chingerezi. Darren atamva, nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Anapepesa kambirimbiri, ndipo kupepesa kulikonse kunali funso lina limene a Chung sanayankhe.

Mayi Tu si munthu wankhanza. Makolo atapita anawaitana, ine ndili pomwepo.

"Aphunzitsi a Chung, mwandigwirira ntchito zaka zambiri, sindingakutayeni. Koma mwaona nokha. Chipinda chachikulu atenga mnyamatayu. Inu muzichonga mapepala m'kachipinda ka kuseri, n'kopita mphepo bwino."

"Zikomo, mayi," anatero, nawerama.

Pa masitepe ndinawauza kuti za masewerawo ndinkazidziwa kuyambira Lachinayi. Anaima kanthawi, bokosi lili m'khwapa, dzanja lopondedwa lija litayamba kutupa.

"Anakuuzani m'Chingerezi?"

"Inde."

"Ine ndili pomwepo?"

"Inde."

"Ndiye kuti anandiuza nanenso," anatero, napitiriza kutsika.

Lolemba shelefu yawo inali yopanda kanthu. Mlonda anati anabwera Lamlungu m'mawa n'kutsitsa mabokosi onse okha, kukana kuthandizidwa. Ndinapita kumene ankachita lendi. Mwini nyumba, mayi wogulitsa phala la mpunga, anati anasesa chipinda, anabweza kiyi, naitana takisi. Iye anamva akuuza dalaivala kuti ku siteshoni ya sitima. Wogulitsa matikiti sanakumbukire munthu wa mabokosi a nsapato. Loweruka lotsatira ndinakwera basi kupita ku Meinong. Mlongo wawo ndinamupeza akuyanika fodya, ndipo anadabwa kundiona. Anati mchimwene wake sanafike, sanalembe, ndipo anandifunsa ineyo ngati sitima imene anakwera inali yopita kumpoto kapena kum'mwera.