Mphero ya Amayi M'khoma la Mzungu

Kho, kho, kho. Nyundo ya mmisiri posema miyala inkamveka mpaka kwathu, kutsidya kwa minda ya tiyi. Chaka chimenecho mzungu wa esiteti ankamanga nyumba pachitunda, ya miyala yokhayokha. Makoma ake anali ochindikala kuposa mkono wanga wonse, khonde lozungulira mbali zitatu, mazenera opindika kumwamba ngati uta. Ilipobe ku Thyolo kuno. Boma limaiteteza, ndipo palibe wololedwa kuchotsapo ngakhale kamwala.

Thangata lathu linali kututa miyala. Khomo lililonse linkapereka mwala wafulati tsiku ndi tsiku, lolephera linkathamangitsidwa pamalo a esiteti. Ife tinalipo awiri, ine ndi agogo, amene anandilera amayi atamwalira. Sabata ina mwendo wa agogo unatupa. Ndinapita ndekha kumtsinje, koma miyala imene ndinatha kunyamula kapitawo anangoikankha ndi phazi.

"Mazira awa ndi omangira nyumba? Mawa mukalepheranso, mupasule kanyumba kanu."

M'mawa mwake, agogo asanadzuke, maso anga anagwera pa mphero yathu pakhonde. Ndinaigubuduzira pachiguduli n'kuikoka mpaka kuchitunda. Kapitawo anailandira.

Agogo sanandikalipire. Anakhala pansi pomwe pankakhala mpheroyo, mwanamphero ali m'manja. Anandiuza kuti anaisenza kuchokera kudziko la Apwitikizi, amayi ali khanda kumsana, ndipo kulowa kwa pakati kuja anakukuza ndi amayi popera mawere. Sanadye tsiku limenelo, ngakhale lotsatira.

Ndinathamangira kwa mmisiri.

"Bambo, mwala wa dzana uja ndi mphero ya malemu amayi anga. Ndibwezereni. Ndidzakututirani miyala mpaka nyumba ithe."

"Ndinaizindikira, mwanawe," anatero mmisiriyo. "Ndinaiika chafufumimba kuti mzungu asaone."

Analoza pansi pa zenera lakum'mawa. Pamwamba pake panali patakwera kale mizere itatu ya miyala, laimu womatira atauma.

"Agogo sakudya."

"Ndikagumula apa, tithamangitsidwa tonse, ndi ana anga omwe."

Ndinagwada mufumbi n'kugwira mwendo wawo. Sanandikankhe. Anawerama pamulu wa zibenthu, nafufuza nthawi yaitali mpaka anapeza chibenthu chimene anasema m'mphepete mwa mphero, mbali imodzi yosalala, ufa wa mawere udakali m'ming'alu. Anachiika m'dzanja langa, natola nyundo yawo, nazungulira kuseri kwa khoma.