Mchere wa m'Talali

Ababa anga anali khukhi wa Mtaliyana wina pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Likhubula. Anamuphikira zaka zambiri, mpaka tsiku limene anatsokomola atanyamula mbale ya msuzi. Dona wa Mtaliyanayo sanadikire kuti atsokomole kachiwiri. Anawapatsa bulangete lakale n'kuwauza kuti akapume kumudzi. Kumudziko kunali kwa amayi, pakuti ababa anali mkamwini, ndipo mkamwini wodwala sakoma kwa eni mudzi. Zinali m'zaka za Chitaganya, ine ndili Sitandade 4 pa sukulu ya mishoni.

Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, sankabisa maganizo awo. Ankati sukulu ya mwana wamkazi imatha tsiku limene wakula, akatero akathyole tiyi kapena akwatiwe. Ababa okha ndiwo ankawayankha, ngakhale mawu awo anali atayamba kuthera m'chifuwa. "Alamu, mwanayu mutu wake ndi wabwino, m'lekeni," ankatero. Atsibweni ankangoseka chamumphuno, ngati munthu wodziwa kuti tsiku lake likubwera.

Chaka chimenecho aphunzitsi athu a zapakhomo, mayi wamtali wokonda kukoka makutu, anatiuza kuti Lachisanu lina kudzabwera dona woyendera masukulu. Mtsikana aliyense aphike kwawo chakudya cha mtundu wina wa anthu, abwere nacho, afotokoze m'Chingerezi mmene wachiphikira. Okondweretsa donayo adzalembedwa kuti apite ku sukulu yogonera komweko. Anzanga ambiri anathamangira sikono. Wina wa kufupi ndi malire anati abweretsa pau, buledi wa Apwitikizi, ndipo tonse tinkadziwa kuti akangogula. Ine ndinadzitama kalasi yonse ikumva kuti ndibweretsa cha ku Italiya. Pakamwa panga pankandiputira milandu kuyambira ndili wamng'ono.

Nditawauza ababa, anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Anati tiphika talali, timphete touma ta ufa wa tirigu timene Mtaliyana uja ankakukuta akamamwa vinyo wake. Amayi anapita ndi nkhuku ku Chonde n'kubwerako ndi fulawa wa m'sitolo ya Mmwenye. Mafuta a azitona tikanawapeza kuti? Tinasinja mtedza n'kufinya mafuta ake. Tinapangana kuti tiphika Lachinayi masana.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachinayi m'mawa ndili kumtsinje, ndinaona magazi pa nsalu yanga yamkati. Sindinali mbuli, ndinadziwa kuti ndakula. Ndinadziwanso chotsatira chake. Ndikanauza amayi aang'ono, monga mwambo umafunira, akananditsekera m'nyumba sabata yonse ndi anamkungwi, Lachisanu likanadutsa, atsibweni n'kupeza tsiku lawo lija. Ndinang'amba kansanza, ndinadzimanga, ndinasenza mtsuko wanga n'kubwerera kunyumba kukamwa kuli tsekee.

Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'chakudya. Akathira, odyawo amagwidwa mdulo: chifuwa, kutupa miyendo, kusanza magazi. Mwambo umenewu ndinkaudziwa kuposa katekisimu, chifukwa mwezi ndi mwezi amayi ankandiitana kuti ndidzawathirire mchere m'ndiwo, iwo ataima pambali manja ali kumbuyo.

Masana kunali chiperoni, phiri losaoneka n'komwe. Amayi anali kumunda kukathyola nandolo. Ababa anakhala pamphasa pakhonde, atatsamira khoma, bulangete lija lili m'mapewa, n'kuyamba kulamula ngati ali m'khitchini ya bwana.

"Fulawa m'beseni. Boola pakati ngati chitsime. Thira mafuta. Madzi pang'ono, iwe! Sukuchapa zovala apa."

Ndinachita zonse monga ananenera.

"Tsopano mchere. Tsina kawiri ndi zala zitatu."

Ndinaima ndi kachitini ka mchere m'manja. Beseni linali pafupi ndi mapazi awo, ndipo zinali zophweka kunena kuti, "Ababa, thirani ndinu." Koma mwamuna aliyense wokwatira amadziwa tanthauzo lake mkazi akapatsira wina mchere. Ndinaganiza za Lachisanu, ndinaganiza za dengu la tiyi kumsana kwanga, ndipo ndinatsina kawiri. Palibe amene anandikakamiza. Ndinali ndi mantha, koma sukulu ndinkaifuna kuposa mmene ndinkaopera.

Ndinakanda mtandawo mpaka manja kuwawa. Ababa anandionetsa kuupota pachikhatho kuti ukhale kachingwe konenepa ngati chala chaching'ono, kenako kulumikiza nsonga zake. Timphete tanga toyamba tinali topindikapindika, ndipo anati ngakhale galu wa Mtaliyana akanatikana. Tinatiponya m'madzi owira, tikayandama n'kutivuula, n'kutiyanika pa lichero. Pomaliza tinatiika mumphika wachitsulo, makala pansi, makala ena pa lata pamwamba, monga timaphikira chigumu. Masana amenewo ababa anali munthu wamoyo. Ankanditukwana m'Chitaliyana, mawu amene sindinawamve, n'kumaseka okha. Sindinawaone okondwa chotero chibwerereni kumudzi.

Titavundukula, timpheteto tinali tofiirira bwino, fungo lake mpaka kwa aneba.

"Bweretsa kuno ndilawe," anatero.

"N'totentha, ababa."

"Manja angawa anazolowera moto."

"N'tochepa, sitikakwana kusukulu."

"Iwe, khukhi satumiza kutebulo chinthu chosalawa. Bweretsa."

Ndinawapatsa. Anadya kamodzi pang'onopang'ono maso atatsinzina, anatenganso kena, kenako kachitatu. Ine ndinkayang'ana khosi lawo lowondalo likumeza. "Mchere wakwana bwino," anatero. Ndinathamangira kuseri kwa nyumba ngati ndikukataya makala.

Za Lachisanu ndilibe zambiri zonena. Dona uja analuma kamphete kamodzi, anafunsa amene anandiphunzitsa, analemba dzina langa m'buku lake. Aphunzitsi anandisisita mutu m'malo mondikoka khutu. Anzanga anamaliza zotsalazo, ine sindinalawe ngakhale kanyenyeswa.

Lamulungu m'mawa ababa anasanza magazi. Lolemba mapazi anali atatupa. Lachiwiri amayi anapeza kansanza kanga pamene ndinakabisa, mu udzu wa bafa. Sanandimenye, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Anaitana atsibweni ndi amayi aang'ono, nandikhazika pansi pabwalo dzuwa lili pamutu. Ababa anali gone m'nyumba, chitseko chili chotsegula.

"Wakula liti?" anafunsa amayi aang'ono.

"Lachinayi."

"Nthawi yanji?"

"M'mawa."

Atsibweni anawerama n'kundiyang'ana m'maso. "Nanga zachizungu zako zija, zimene adya alamu, mchere anathira ndani?"

Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndivomere, pakuti ndinali nditatopa nacho chinsinsicho, pamene mawu anachokera m'nyumba, otsika koma omveka.

"Ndine."

Tonse tinacheukira kuchitseko.

"Ndathira ndine, alamu. Khukhi sapatsa wophunzira mchere, angawononge chakudya. Chifuwa ichi ndinabwera nacho kuchokera kuesiteti, nonse mukudziwa." Anatsokomola nthawi yaitali, ife tikudikira. "Ndipo ndikunena ndikadali ndi mpweya. Mwanayu alangizidwe, akatuluka apite kusukulu kumene amulembako. Amene adzamuletse adzakhala akukangana ndi manda anga."

Atsibweni anatola chipewa chawo n'kumapita. Mawu a munthu amene ali pafupi kufa sakanidwa, ngakhale akhale a mkamwini.

Ananditsekera m'nyumba ya amayi aang'ono sabata ija. Nditatuluka, ababa anali atasiya kulankhula zomveka, moti sindinathe kuwafunsa ngati ankadziwa kale pamene ankadya, kapena anangomva pabwalo paja. Ndinkakhala pambali pawo n'kumawaingitsira ntchentche. Anamwalira mvula yoyamba isanagwe.

Pambuyo pake ndinaphunzira za chifuwa chachikulu, za tizilombo timene timadya mapapo, ndipo ndinayankha bwino pamayeso. Ndikudziwa kuti mchere supha munthu. Mutu wanga umadziwa zimenezo, koma zala zitatu zimene ndinatsinira sizinapite kusukulu.

Tsiku lopita kusukulu yogonera, amayi anandiperekeza mpaka ku Nkando atandisenzera kasutikesi kanga. Basi itaonekera patali m'fumbi, anatula kasutikesiko, nandikonzera kolala ya diresi.

"Ababa ako ndakhala nawo zaka zonsezi, sanandinamizepo," anatero. "Bodza lawo loyamba ndinalimva tsiku lija. Kaphunzire, usaliwononge."

Amayi anakhala ndi moyo mpaka kuona zidzukulu. Nditayamba ntchito ndinawamangira nyumba ya malata, ndipo atakalamba anadzakhala kwanga. Sanandinenepo kanthu koipa, sanaululenso kwa munthu aliyense. Koma ine ndikaphika, ankati sakumva njala, n'kukasonkha moto wawo kuseri.