Mikanda ya Pansi pa Linga

Aneba athu kuno ku chilumba cha Inis Mór ndi mmisiri wa mipanda yamiyala. Akaona mwala wagwa amaubwezera, amvekere, "Anauika apa sanali wopusa." Koma kulinga lamakedzana lakuphompho safikako.

Akatswiri ofukula zakale atapeza mikanda kulingako, n'kunena kuti yatha zaka zikwi zitatu, ndinathamanga kukawauza madalawo. Iwo anaulula kuti ali mnyamata anafukulako mikanda yodzaza dzanja, n'kupatsa Gobnait, mtsikana yemwe ankamufunsira. Mwezi womwewo Gobnait anakwera sitima ya ku Amereka, osalembako ndi kalata yomwe.

"Ndiye mukudandaula mikanda kapena mtsikana, madala?" ndinawaseka.

"Usaseke, iwe. Mtsikanayo anasankha yekha kupita. Mikandayo inakhala kwawo zaka zonsezo, woichotsa ndine."