Chiguduli Chimene Ndinachotsa M'thumba la Abambo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, abambo atapeza ganyu yolondera moto m'nkhalango ya paini pamwamba pa phiri la Malosa. Kwathu kunali m'munsi mwake, m'chigwa cha Domasi, ndipo phirilo tinkaliona tikangotuluka pakhomo, tsiku lina lili mbee, tsiku lina litafunda nkhungu mpaka m'chiuno. Ntchito yawo inali kukhala kumtundako masiku anayi kapena asanu, maso ali pa utsi, n'kutsika mnzawo akakwera. Inkayamba mu Julaye udzu ukauma, nthawi imene kuphiri kumazizira koopsa.

Ulendo woyamba anagona pansi pa udzu, ndipo anatsika miyendo itatupatupa, linthumbu litawadya. Anauza amayi kuti kumeneko anaona mlendo wina wokwera mapiri atamangirira nsalu pakati pa mitengo iwiri n'kugonamo ali lende, ndipo iwonso ankafuna yotero. Amayi, amene ankasoka mayunifolomu a ana asukulu pa makina apamanja, sanakondwe nazo.

"Si machira amenewo?" anatero. "Munthu wabwinobwino n'kumagona m'machira?"

"Machira enawo amanyamula munthu," anayankha abambo akuseka. "Awa ndiziwanyamula ndine."

Kunyamulako ndiko kunali nkhani. Abambo anali ndi msana wovuta kuyambira pa unyamata wawo, pamene ankasenza matabwa pamutu kutsika nawo phiri. Chilichonse chokwera nacho chinkayenera kupepuka.

Loweruka lotsatira ndinaperekeza amayi kumsika wa ku Songani kukafuna nsalu. Iwo anayamba agwira ina yokhuthala ngati ya tenti ya pamaliro, yoti sikanang'ambika mpaka kalekale, koma kuinyamula kwake kunali ngati wabereka mwana. Ine ndinkangofukula mulu wa kaunjika mosadziwa chimene ndikufuna, mpaka zala zanga zinakhudza chinthu choterera ngati madzi. Inali nayiloni ya buluu, yaitali, yopyapyala moti dzuwa linkaonekera. Nditaifinya yonse inakwana m'manja awiri. Wogulitsayo, bambo wachikulire wovala chisoti choyera, anandipatsa nsonga imodzi, iye nagwira inayo, n'kukoka mpaka ndinatsetsereka pa fumbi. Nsaluyo sinalire n'komwe. Amayi anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati aiphatikiza pawiri kuti mtima ukhale m'malo.

Anaisoka masiku awiri, mizere itatu ku nsonga iliyonse, n'kupisamo chingwe. Tinaiyesera pa mitengo iwiri ya mango kuseli kwa nyumba, ndipo poti ndinaisankha ndine, woyamba kugonamo ndinali ine. Sindidzaiwala masana amenewo. Nsalu inandikuta mbali zonse, dziko linachoka pansi panga. Pamwamba masamba ankangotseka ndi kutsegula thambo. Kutali ndinkamva mtsinje wa Domasi ukudutsa m'miyala, mbuzi ikulira kwa aneba, makina a amayi akuyambanso kugogoda pakhonde, koma zonsezo zinkamveka ngati zikuchitikira anthu ena. Ndinaodzera ndikuganiza kuti umu ndi mmene mtambo umamvera ukatsamira phiri. Podzuka ndinali nditayamba kale kuitchula kuti nsalu yanga.

M'mawa wa tsiku lokwera, abambo analongedza thumba lawo n'kupita kukasamba. Ndinaona mmene anadzukira pa mpando, dzanja lili pamsana, nkhope itachita tsinya. Ndinayesa kunyamula thumbalo ndipo linandikanika. Nditasuzumira ndinaona ufa, nyemba, kapoto, bulangete, nsalu yanga ili m'kathumba kake, ndipo pansi penipeni panali chiguduli. Anali masaka awiri akale osokedwa pamodzi, okhala ndi tizingwe m'makona, onunkha fumbi ndi chimanga chofumbwa. Amayi anachisoka ine ndili kusukulu, ndiye sindinadziwe ntchito yake. Ndinaganiza kuti bulangete alinalo kale, nanga ichi n'chachiyani? Ndinachisolola n'kukachiponya kuseli kwa nkhokwe.

Kwa zaka zambiri ndinkanena kuti ndinachita zimenezo chifukwa cha msana wawo. N'zoona, koma si zonse. Sindinkafunanso kuti chinthu chonyansa chotero chikakhale pafupi ndi nsalu yanga yokongola.

Tsiku lachiwiri kunabwera chiperoni. Phiri linasoweratu, ngati munthu walifufuta pa bolodi, ndipo kamvula kopyapyala kankangowaza osaleka. Tsiku lachinayi masana tinaona anthu awiri akutsika kanjira ka kumunda pang'onopang'ono. Anali abambo, atakolekera dzanja m'khosi mwa mnzawo wa ntchito uja. Milomo inali itauma, thupi likutentha, ndipo akatsokomola ankagwira m'nthiti. Kuchipatala anati ndi chibayo, nawagoneka.

Tili pambali pa bedi lawo ndinamva amayi akufunsa chapansipansi, "Koma chiguduli chija munayala? Ndinakuikirani m'thumba ndi manja angawa."

"Sindinachipeze," anatero abambo. "Mwina ndinachisiya ndekha."

Masiku atatu ndinayenda nawo mawu amenewo. Kusukulu sindinkamva chimene aphunzitsi akunena. Ndinkawerenga anthu a m'mudzi mwathu amene chibayo chinawatenga, n'kumadzifunsa kuti ndidzauza ndani. Tsiku lachitatu ndinapita kuseli kwa nkhokwe, ndinatola chiguduli chija chitanyowa, chiswe chitayamba kale kuchilawa, n'kukachiika pamapazi pa amayi. Anasiya kupukusa makina. Anandiyang'ana, anayang'ana chigudulicho, kenako anangoti, "Kachiyanike." Ndikanakonda akanandimenya.

Abambo anatuluka patatha sabata ndi theka, ataonda, mawu ali apansi. Amayi anali atawauza za chiguduli chija, ndipo m'mawa wina wa mphepo, mame asanaume, abambowo anandiitana kuseli. Nsalu ija anali ataimanga kale pa mitengo ya mango.

"Lusiya, tagona umu."

Ndinagona. Anandifunditsa mabulangete awiri, n'kukhala pa chitsa. Poyamba ndinamva bwino. Kenako china chake chinayamba kundikwawa kumsana, kuchokera m'chiuno kukwera m'mapewa, ngati ndagonera mwala wa mumtsinje. Pachifuwa ndinali thukuta, koma kumsana kukuzizira mpaka mano kugundana.

"Kukuzizira kuti?"

"Kumsana, ababa."

Anandifotokozera mofatsa, akupumira m'kati. Ukagona pansi, nthaka imakutchingira mbali imodzi. Ukalendewera, mphepo imadutsa pansi pako usiku wonse, ndipo nsalu yopyapyala siiletsa. Ngakhale uyale bulangete m'kati, thupi lako limaliphwatalitsa, kutentha konse n'kuthawa. Anatenga chiguduli chija, nachimangirira kunsi kwa nsaluyo, kunja kwake, tizingwe tinayi tija tikugwira m'makona mpaka chinandikumbatira msana. Ndinadikira. Kutentha kunabwerera pang'onopang'ono, ngati madzi ofunda akudzaza beseni, ndipo m'pamene ndinayamba kulira.

"Unafuna kundipeputsira katundu," anatero. "Ndathokoza. Koma ukanandifunsa, mwana wanga. Ndinali pompano, kubafa."

Kenako anawonjezera kuti pa chinthu chimodzi sindinalakwe: chigudulicho chinalidi cholemera, ndipo chikanyowa chimaposa apo. Ngati ndili ndi nzeru zosankha zopepuka, ndiwapezere china chogwira ntchito yomweyo.

Chimenecho ndicho chinali chilango changa, ngati n'koyenera kuchitcha chilango. Cha ku Naisi kunali mtengo waukulu wa usufu, ndipo pofika kumapeto kwa Ogasiti zipatso zake zinayamba kuphulika, n'kumatulutsa usufu woyera, wopepuka ngati thonje. Ndikaweruka kusukulu ndinkapita kukatola, n'kudzakhala pakhonde kuchotsa njere imodziimodzi. Usufuwo unkauluka ndikangopuma, n'kumayandama m'dzuwa la madzulo, kutera m'tsitsi mwanga, pa makina, pamsana pa nkhuku. Masiku ena bwalo lonse linkaoneka ngati nkhungu yatsika kuphiri kudzacheza. Amayi anaphwasula majekete awiri akale a nayiloni, tinayala usufuwo pakati, iwo n'kusoka timabokositimabokosi kuti usamaunjikane mbali imodzi. Tinayesa katatu. Koyamba tinamanga kwambiri, usufu unaphwatalala. Kachiwiri tinalekerera, mphepo inapeza mpata. Kachitatu abambo anagonamo, anatseka maso, ndipo sanayankhe titawafunsa, chifukwa tulo tinali titawatenga.

Ganyu ija sinawathere, poti mnzawo uja anawagwirira masiku onse amene anadwala. Mu Seputembala anakweranso, thumba lili lopepuka kuposa kale, ndipo anagwira ntchitoyo zaka zina zisanu osadwalanso chifuwa.

Lero ndine namwino, ndipo abambo anatisiya kale. Ntchito yanga ndi yothandiza anthu, ndiye ndimadziwa mmene dzanja limathamangira munthu ukakhulupirira kuti ukuchita zabwino. Ndazindikira kuti chikondi changa cha tsiku lija chinali chenicheni, koma chinali ndi changu ndiponso kakunyada, ndipo zinthu ziwirizi n'zimene zinatsala pang'ono kundilanda bambo. Wodwala akabwera ndi kansanza komanga pamkono, kapena amayi, amene tsopano akalamba, akakakamira kabotolo kopanda kanthu m'chikwama mwawo, mtima umandiuzabe kuti chotsa, taya, wapeputsire. Ndimabweza dzanja, n'kukhala pansi, n'kufunsa kuti, "Kodi ichi n'chachiyani?" Nthawi zambiri yankho limakhalapo.