Chiwongolero cha Pikapu ya Bambo

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene bambo aang'ono, a Mateyu, ananditsitsa m'pikapu ya malemu bambo anga pamaso pa matenanti awo. Ndinangopempha kuiyendetsa kuchoka pachigafa kukafika pamsewu. Chiwongolero chinali chouma gwa, ndinakoka ndi manja awiri koma osasuntha.

"Tsika," anatero. "Galimoto iyi imafuna munthu wodya n'kukhuta, osati woleredwa ndi nkhalamba."

Pikapuyo anaitenga tisanamete n'komwe maliro a bambo. Mayi atatsatira chaka chomwecho, ndinatsala ndi agogo, a Nabanda, ku Lisasadzi.

Ku Joni ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi m'garaja. Chaka choyamba ndinkangotsuka zitsulo. Ndinkagona m'kachipinda ka malata ndi anthu anayi, ndipo palibe anandifunsapo za kwathu. Sindiyankhulayankhula, choncho ndinkangoyang'ana manja a amakaniko mpaka ntchito inalowa. Kangachepe ka feteleza ndi sopo ndinkatumiza kwa agogo. Pafoni ankangofunsa ngati ndikudya, koma tsiku lina anawonjezera kuti, "Mateyu dzanja lamanja lafooka. Galimoto ija yangokhala, nkhuku zikuikiramo mazira."

Sabata isanathe a Mateyu anaimba okha, koyamba chichokereni.

"Mwana wanga, bwera udzatenge chuma cha bambo ako, bulubuku ya galimotoyo ndikupatsa. Paja akuti kumeneko mumatha kufewetsa chiwongolero?"

Cholinga cha funso lomalizalo sindinachimvetsetse. Ndinasakasaka kogulitsa zitsulo za galimoto zakufa mpaka ndinapeza bokosi la chiwongolero chofewa, pampu yake, mapaipi a oyilo ndi lamba. Ndalama zinathera pamenepo, agogo sindinawagulire ngakhale chitenje.

Nditafika kumudzi, agogo ataona zitsulozo anati, "Uyambe waitana abale, apereke bulubukuyo anthu akuona. Ukatero ugwire sipanala."

Sindinamvere. Ndinkafuna a Mateyu andione ndikuchita zimene ana awo sangathe.

Masiku anayi ndinagona chagada m'fumbi pansi pa pikapu. Mabowo a bokosi latsopano sanagwirizane ndi akale, ndipo chitsulo chomangirapo pampu ndinakawotcheretsa ku Santhe kawiri. A Mateyu ankakhala pampando pamthunzi. "Ukaiwononga usaganize zothawiranso ku Joni, wamva?"

Tsiku lachinayi ndinathira oyilo, n'kupotokola uku ndi uku mpaka mpweya unatuluka, pampu n'kusiya kulira. Chiwongolero chinkatembenuka ndi chala chimodzi.

"Taima ndiyeseko."

Anakwera, dzanja lofooka lija pachiwongolero, linalo pagiya. Anazungulira chigafa kawiri, kenaka anauza matenanti kuti akweze mabelo a fodya.

"Nanga bulubuku, bambo?"

"Ndimakupatsa chifukwa inandikanika. Pano ikundimvera. Umakaniko ukuutha ndithu, ikadzavuta ndidzakuitana."

Ana awo anaseka. Matenanti anayang'ana pansi. Azakhali anga anali pakhonde pomwepo akusankha mtedza, sanadzutse mutu. Apo m'pamene ndinadziwa kuti pamudzipo ankadikira manja anga, osati ine. Chimene chinatsala pang'ono kundibwezera galimoto ya bambo kunali kuuma kwa chiwongolero chija, ndipo ndinakuchotsa ndekha.

Ndinatola bokosi lakale m'fumbi, lomwe malemu bambo ankalimbana nalo, n'kulimanga panjinga mpaka kwa agogo. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Chuma chako chija n'chimenechi?"

"Eya, agogo."

"Ika kuseri kwa chitseko. Mphepo imandivutitsa."