Mipando ya Anti Ketrina

M'mawa uliwonse, asanagwire mopu, Anti Ketrina ankayamba ndi mipando ya m'chipinda cha nambala folo. Ankaitsitsa pamatebulo umodziumodzi, n'kumaipukuta uku akutchula mwini wake. "Uwu wa Ndapile, wokonda kutsogolo ngati dikoni. Uwu wa mayi wa ku Sudan uja. Uwu wa Tisunge, wobisala kuseri kwa chitseko." Tisunge ndine.

Anti ankakolopa pa kanthambi kakang'ono ka koleji kuno ku Maryhill, mumzinda wa Glasgow, kufupi ndi ngalande yamadzi. Makoleji oterewa amalandiranso ife amene sukulu inatithawa, ndipo ndalama zoyendetsera zimachokera kuboma. Anti anabwera ku Glasgow kalekale ndi amuna awo, Ankolo Clifton, omwe ankayendetsa basi. Ana analibe. Zaka zawo sankatchula, koma mawondo ankawaulula pamasitepe.

Ine ndinalekeza Sitandade 6 ku Ntcheu. Kuno ndinatsatira bambo a mwana wanga Olivia, amene akuphunzira ku yunivesite. Tsiku limene ndinadziwana ndi Anti kutchalitchi, ndinali ndi kalata ya kunasale kwa mwana, sabata yachiwiri ili m'chikwama. Bambo ake ndikawaonetsa ankangoti aona mawa. Anti anandipeza pakona ndikuitembenuza.

"Iwe, pepalalo ukuliwotcha ngati chimanga? Bwera nalo kuno."

Anandiwerengera. Inkanena za nsabwe m'mitu mwa ana. Nsabwe! Ine masabata awiri osagona, kuganiza kuti akutithamangitsa m'dziko muno. Anti anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati, "Lachiwiri naini koloko undipeze pageti la koleji. Usandiyankhe."

Umu ndi mmene anatisonkhanitsira, mmodzimmodzi. M'kalasi ya Chingerezi ija tinalipo khumi, ndipo asanu ndi mmodzi tinali Amalawi obwera ndi Anti. Tinkaphunzira Lachiwiri ndi Lachinayi. Iwo sankalowa, ankangodutsa m'khonde ndi ndowa yawo n'kusuzumira pagalasi la chitseko, kuona amene wajomba.

Chaka chachiwiri mphunzitsi wathu Joan, mayi wa konkuno, anatiuza pang'onopang'ono kuti timve tonse. "Ndalama za kuboma zachepa. Akuluakulu akufuna makalasi oti atseke. Mwezi wa Novembala adzabwera kudzaona ngati mipando ili ndi anthu. Ngakhale muli ndi chimfine, bwerani mudzayetsemulire muno." Analemba nambala ya foni pabolodi kuti wolephera kubwera aimbe.

Lolemba loyamba la Novembala, Ankolo Clifton anagwa m'bafa, osadzukanso.

Pamaliro munthu sapempha chilolezo. Tonse asanu ndi mmodzi tinapita kufulati kwa Anti, tinakankhira mipando kukhoma, tinayala zitenje pansi, tinakhala. Kwathu maliro sagona masiku ambiri, koma kuno mapepala otumizira thupi kumudzi anatenga masabata awiri. Ndipo namfedwa sasiyidwa yekha. Tinkaimba, kuphika, kulandira anthu ochokera ku Partick ndi kwina.

Lachiwiri m'mawa Anti ali chigonere pamatiresi anandikoka chitenje.

"Make Olivia, kamuimbire Joan. Umuuze tili pamaliro."

Ndinatuluka kukaima pamasitepe. Nambala ndinaimba ndithu. Koma kunayankha makina olankhula Chingerezi chothamanga, kenako kunalira kabelu koti ndiyambe kulankhula. Chingerezi chonse chinandithawa. Ndinamva mpweya wanga wokha, ndinadula.

"Waimba?"

"Ndaimba, Anti."

Akuluakulu aja anabwera kawiri, n'kupeza anthu anayi ndi mipando isanu ndi umodzi yopanda anthu. Itatha Khirisimasi tinalandira makalata oti kalasi yathu siipitirira. Imeneyo ndiyo kalata yoyamba imene ndinawerenga ndekha, liwu ndi liwu, popanda wondithandiza.

Joan potsanzikana nafe anati, "Mukanandiuza ndikanalemba kuti muli pamaliro. Mwina zikanathandiza, mwina ayi. Atsekanso makalasi ena." Anti anali pakhomo ndi mopu. Anandiyang'ana kamodzi kokha. Ndinadikira kuti anene za foni ija, koma anangoti, "Ndine. Wokusonkhanitsani ndine, wokubalalitsani ndinenso."

Chipinda chija anayamba kusungiramo makatoni, koma matebulo ndi mipando sanachotse. Anti sanasiye kupukuta mipando ija. Nyengo yozizira kuno kumachedwa kucha, ndiye ndikamapita ndi Olivia kunasale ndinkaona zenera limodzi lokha likuwala, ndi mthunzi wawo ukuwerama, kudzuka, kuwerama. Kakhumi. Ndinkawerenga ndisakufuna.

Tsiku lina ndinalowa kukawapatsa moni.

"Ukudziwa, ndikamakolopa m'khondemu ndimakumvani mukubwereza mawu m'menemu," anatero. "Ndapile patsogolo, iwe pansipansi. Ndikatsegula, makatoni okhaokha."

"Ndi mapaipi a hita, Anti."

"Mapaipi amadziwa masiku a sabata? Dzulo ndapeza mpando wakowu uli wofunda. Ndinati, a Clifton, chokanipo apa, munatilanda kale masabata awiri."

Anaseka, koma ine sindinaukhudze mpandowo.

Anzanga anamwazikana. Ndapile anapeza ntchito yochapa m'hotela, wina anasamukira ku Leeds. Ine Anti anandikwezetsa basi mpaka ku Easterhouse kukalembetsa dzina pakoleji ina, pamndandanda wa odikira. Ndinadikira chaka ndi theka. Malo anapezeka Seputembala yemweyu, Lachiwiri ndi Lachinayi ngati kale. Mayi wa muofesi anandiuza kuti odikira ndi ambiri, ndikamajomba malowo apereka kwa wina.

Nthawi imeneyo n'kuti Anti atasiya ntchito. Miyendo inatupa, kenako mtima. Amwalira Lamulungu lapitali kuchipatala.

Lero ndi Lachiwiri. Amayi a kutchalitchi ali pansi m'fulati ija, pazitenje, ndipo mapepala a thupi akuti atenganso masabata awiri. Ine ndikulemba izi m'basi ya ku Easterhouse, kope lili pabondo. Foni yalira kanayi. Ndapile wanditumizira mawu akuti, "Tisunge, Chingerezicho chakuchotsa umunthu? Munthu anakutola ngati mwana wake." Sindinamuyankhe. Ndikaweruka ndikakhala nawo mpaka madzulo, koma ndikudziwa mmene akandiyang'anire ndikamavula nsapato pakhomo.

Loweruka lapitali masana ndinali ndi Anti kuchipatala, awiriwiri. Ndinawadzoza mafuta kumapazi, ndipo mawu amene ndinawasunga zaka ziwiri anatuluka okha.

"Anti, tsiku lija sindinalankhule ndi Joan. Ndinadula foni."

"Ndikudziwa. Masitepe aja amamveka ngakhale mphaka akudutsa. Sindinamve Chingerezi chilichonse."

"Bwanji simunanene?"

"Ndikananena ukanabwereranso m'kalasi iwe? Ndi manyazi akowo?" Kenako anandigwira dzanja mwamphamvu kuposa mmene ndinkaganizira kuti angathe. "Tamvera, make Olivia. Ndikapita, adzakhala pansi masabata awiri ngati muja. Lolemba ubwere, Lachitatu ubwere, undilire mpaka mawu athe. Koma Lachiwiri ndi Lachinayi ndisakuone pamaliro anga. Akakunena, uziti ndakutuma ndine. Ukakhale pampando, mwanawe. Asaupeze wopanda munthu."