Thanga la Merouane

Ukafunsa a Lyazid kuti thanga labwino n'liti, yamba wakhala pansi, chifukwa yankho lake limatha tiyi atazizira. Ine ndalimva mpaka kuliloweza, poti kanyumba kanga kogulitsira tiyi kagundana khoma ndi kawo kosokeramo matanga, kuno ku Moulay, pamwamba pa gombe pomwe mphepo siidziwa kupuma.

Poyamba anali msodzi ngati tonsefe. Azungu atayamba kubwera ndi matabwa awo oyendera pamafunde, thabwa lililonse ndi thanga lake, a Lyazid anaona kuti miyala yathu ikung'amba matangawo tsiku ndi tsiku koma wosoka palibe. Anakagula makina osokera akale ku tawuni ya Swira, ukonde n'kuupachika.

"Loonekera ngati galasili n'lopepuka, koma ndi chikomekome cha mkuyu," amatero kwa aliyense wofuna kugula. "Zilimwe ziwiri zokha, layamba kusweka ngati chigoba cha dzira. Tenga la ulusi m'katili. Ndi lolemerako, koma likabooka, bowolo silikula."

"Nanga galanti?" wogula amafunsa.

"Galanti ndi ya msoko, mwanawe. Msoko ukamasuka wokha, kampani ikupatsa lina. Koma mlandu wa dzuwa palibe kampani imene imauyankha. Ukangotuluka m'madzi, thanga pamthunzi."

Pa za dzuwazi analibe nthabwala. Ndinawaonapo akukalipira mzungu wa imvi ngati kamwana, chifukwa anasiya thanga pamchenga iye n'kubwera kwa ine kudzadya nsomba.

Mwana anali naye mmodzi yekha, Merouane. Anakulira m'madzi, pa matanga otayidwa ndi alendo amene bambo ake ankamulumikizira. Mnyamata ameneyo akalumpha funde, ife kumtunda tinkasiya zonse, ine mpaka kupsereza nsomba. Atayamba kuphunzitsa alendo anagula thanga latsopano, lofiira, loyamba m'moyo wake limene munthu wina anali asanaligwirepo. Iye mtima unali pa la galasi lija, koma bambo ake anaumirira mpaka anatenga la ulusi, la galanti ya zaka ziwiri. Analiyendetsa chilimwe chimodzi chokha. Kenako anakwatira mtsikana wa ku Jeremani amene ankamuphunzitsa, n'kupita naye kwawo.

"Mundisungire, ababa," anatero akukwera takisi. "Ndibwera galanti isanathe."

Tinawatonthoza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anagwedeza mutu n'kubwerera pamakina.

Tsono apa ndi pomwe ine ndi iwo tinayambira kukangana. Mphepo ya chilimwe ikangoyamba, a Lyazid ankatulutsa thanga lija, kuliveka pamlongoti, kulikoka mpaka gwa, n'kukalimangirira padenga, pomwe limaonekera kwa munthu wotsika msewu wa kuphiri. Linkakhala pomwepo tsiku lonse, dzuwa lili phwee.

"A Lyazid, azungu mumawatukwana chifukwa cha kanthawi kochepa," ndinawafunsa tsiku lina. "Ili mukuliwotcheranji?"

"Akamatsika takisi alione lili lokonzeka."

"Wanena kuti akubwera?"

"Hmidou, tiyi wako akusefukira. Kaone zako."

Galanti inatha, zaka n'kuyamba kuunjikana. Merouane ankaimba foni pa Idi, nthawi zonse ndi lonjezo la chaka chamawa: ntchito yachuluka, mapepala sanatuluke, mwana wabadwa. Mayi ake, a Rkia, atamwalira, uthenga unamupeza titaika kale, paja maliro athu sagona. Analira pafoni, koma kubwera kunakanika.

Dzuwa nalo silinkagona. Kufiira kuja kunayamba kutuwa, kenako kusweka. Chigawo chikasweka, a Lyazid ankachidula n'kusokapo china chochokera pa matanga amene alendo ataya, apa chobiriwira, apo chachikasu. Ndinkawaseka kuti chinthucho chafanana ndi bulangete la wamisala, iwo n'kungoti madzi saiwala khwawa. Koma kunena zoona, mnyamatayo nanenso ndinkamusowa. Ndinkamva chisoni kuona mdala wodziwa bwino zomwe dzuwa limachita akukwera makwerero m'mawa uliwonse, ndipo takisi ikamatsika kuphiri nane ndinkasuzumira pakhomo.

Chaka chatha Merouane anabweradi. Sanabwere pa takisi, anatsika galimoto ya hayala, atanenepa, dazi litayamba, kamwana kake kakakazi kali pamkono. A Lyazid anamukumbatira nthawi yaitali. Tsiku limenelo mphepo inali ngati yoitanitsa, mafunde atandandana bwinobwino. Ndinawabweretsera tiyi ndi buledi pakhonde, ndipo poti sindichedwa kupeza chifukwa, ndinakhala nawo.

"Madziwo ukuwaona?" a Lyazid anafunsa, maso ali kunyanja.

"Ii, ababa, zija ndinasiya kalekale. Msanawu sulola. Ndiponso komwe tikukhalako kulibe ndi nyanja yomwe." Anakweza maso padenga n'kuseka. "Koma inu simusintha. Chinsanza icho n'cha ndani? Munthu angalowe nacho m'madzi chimenecho?"

Sananene mwachipongwe ayi. Sakanalizindikira, poti pa thanga lonselo panalibe ndi kachidutswa komwe kofiira. Ndinati nditsegule pakamwa, a Lyazid n'kundiponda phazi.

"N'la mnyamata wina," anatero. "Anandisungitsa."

"Muuzeni agule lina. Limenelo ngakhale kampani ingalikane."

"Ndidzamuuza akadzabwera."

Merouane anakhala masiku angapo, anakaona manda a mayi ake, anajambula mwana wake ali pamchenga, n'kubwerera. M'madzi sanapondemo.

Mphepo yayambanso sabata ino. Dzulo makina a a Lyazid analira tsiku lonse ngakhale mlendo sanabwere ndi mmodzi yemwe. Lero m'mawa andigogodera khoma kuti ndikawagwirire makwerero akweze thanga lija padenga, poti miyendo yawo siikhulupirikanso. Ndinali ndi mawu ambiri pakamwa. Ndawagwirira.